Sipika ya Kumanzere

A Binali Ayub anagwira ntchito pachigayo chopuntha mpunga ku Lifuwu kuyambira ndevu zawo zili bii mpaka zitayamba kuchita imvi. Chigayocho chinali cha a Omari, koma amene ankachidziwa mtima wake anali a Binali. Iwo ndi amene ankaliza injini m'mawa, kumanga lamba akakhwepa, ndi kuimirira pambali pa makina tsiku lonse akuthira mpunga wa anthu, mankhusu akuwagwera m'tsitsi ndi m'khosi. Phokoso la m'menemo linali loti polankhula umachita kukuwira pakhutu pa mnzako. Akaweruka ankatuluka ali mbuu ngati agwa m'phulusa, n'kulunjika kunyumba osaima pagolosale kapena pabawo.

Ena ankati ndi munthu wosakonda anzake. Sizinali choncho ayi. Ankangothamangira chimene chinkawadikira pabalaza.

Ali mnyamata anakakhalako ku Durban, kumene ankanyamula katundu m'sitolo ina yogulitsa mawailesi akale. Anzawo pobwerera kumudzi ankabwera ndi njinga, mabulangete ndi masutikesi odzaza zovala. A Binali anabwera ndi ampulifaya, makina okuzira mawu, yolemera ngati mwala wa mphero, masipika awiri amatabwa ofika m'chiuno, makina oimbira mbale ndi katoni yodzaza mbale zakezo. Ampulifayayo anaifungata pamiyendo ulendo wonse, kukanitsitsa kuti ikwere pamwamba pa basi ndi katundu wina. Atafika, amalume awo anamuzungulira katunduyo, kumugogoda ndi chala, n'kufunsa kuti, "Nanga chofunda chili kuti?"

Anthu a m'mudzi ankati a Binali ali ndi gumbagumba. Dzina limeneli linkawanyansa kwabasi. Ankati gumbagumba ndi ya kumowa, yongogunda pachifuwa ngati musi mumtondo. Yawoyi inali ina. Ukakhala pakati penipeni pa masipika awiriwo n'kutsinzina, oimba ankachita kuima m'nyumbamo, aliyense pamalo pake: wa gitala kumanzere, wa besi chapakati, wa ng'oma kumbuyo pang'ono, ovomera nyimbo kumanja. A Binali ankatha kukuuza pamene woimba wakoka mpweya ndi pamene chala chaterereka pa nsambo. Ankakonda rumba ya ku Congo ndi nyimbo za kugombe la Tanzania zija za zeze wambiri. Mwezi wa Ramadhani ukaoneka ankafunditsa zonse nsalu yoyera, osazikhudza mpaka tsiku la Idi akachoka ku swala, mapemphero a kumzikiti.

Akazi awo, a Karima, ankakonda kuuza anzawo kumjigo kuti pokwatiwa anapeza m'nyumbamo muli kale mkazi wamkulu, wachitsulo. Malamulo ake anawaloweza msanga. Posesa pabalaza uyambe wawaza madzi kuti fumbi lisauluke. Pa sipika pasaikidwe kapu, ngakhale yopanda kanthu. Ana anakula akudziwa kuti ngodya imeneyo sathamangirako. Kenako anawo anakula n'kumwazikana, womaliza Layla anakwatiwa ku Chipoka, m'nyumbamo munatsala awiriwo ndi nyimbo zawo. Zaka zaposachedwapa a Binali ankakweza voliyumu kuposa kale, ndipo batani logawa mawu ku masipika awiri aja ankalipotozera kumanzere pang'onopang'ono. Ankati mbale zakalamba, masipika nawonso atopa.

Tsoka linagwa masana ena mu Januwale. Chigayo chinatsekedwa msanga chifukwa mitambo inali itadetsa kunyanja ndipo palibe amene akanabweretsa mpunga. A Binali anafika kunyumba mvula ikuyamba kuwaza, anasamba, n'kuika mbale. Ankadziwa bwino kuti kukamachita ziphaliwali amazula mawaya kukhoma. Anangoti nyimbo imodzi yokha ithe. Ili pakati, kunja kunang'anima, bingu linagunda ngati lagwera pa denga pomwepo, magetsi anathima n'kuyakanso mwaukali. Masipika analira kamodzi, phwaa, kenako zii. Kuchokera m'timabowo ta pamwamba pa ampulifaya munatuluka kautsi kopyapyala.

Anadumpha n'kuzula waya, koma zinali zitatha kale. Fungo la pulasitiki wopsa linadzaza pabalaza.

A Karima anatulukira kuchokera kukhitchini manja ali ndi madzi. "Bambo a Layla, chapsa n'chiyani?"

A Binali anali atagwada, chikhatho chili pamwamba pa chitsulocho ngati akumva kutentha kwa mwana wodwala malungo. Mvula inali ikukhuthuka pamalata, mbale ija itaima singano ili pakati.

Masiku otsatira m'nyumbamo simunakome. A Binali akaweruka ankakhala pampando wawo kuyang'ana kukhoma, osalankhula. Anatsegula chivundikiro cha ampulifaya ndi sikuludiraiva, kuunika m'kati ndi tochi, kununkhiza, kupukuta mwaye ndi kansalu, n'kutsekanso. Mawa lake chimodzimodzi. Chakudya ankangochilawa. Mphika ukagwa kukhitchini ankakalipa, nkhuku ikalowa pabalaza ankakalipa, ndipo a Karima anayamba kuyenda m'nyumba mwawo momwe ngati mlendo woopa kudzutsa eni ake. Tsiku lina, pofuna kuwasangalatsa, anabweretsa foni imene Layla anawaikiramo nyimbo, n'kuiika patebulo ikuimba.

"Chotsani kachitini kameneka," anatero a Binali osakayang'ana n'komwe. "Mukufuna mundiseke?"

Kuchigayo nako maganizo sanali pantchito. M'mawa wina mkono wa malaya awo unakodwa pa lamba, nsalu inang'ambika mpaka paphewa, dzanja linapulumuka mwa chifundo cha Mulungu basi. A Omari anazimitsa injini okha, n'kuwatulutsira panja.

"Achimwene, ndakhala nanu zaka zambiri, sindinaonepo zimenezi," anatero a Omari. "Pitani ku boma mukakonzetse chinthu chanucho. Sindikufuna kudzatola zala zanu mumpunga wa anthu."

Ku Salima kunali munthu mmodzi yekha amene a Binali akanamulola kugwira ampulifayayo. Dzina lake anali Lenard, bambo wa ana awiri amene anali ndi kashedi ka malata kuseri kwa msika, pafupi ndi pamene amaima akabaza. Ankakonza mafoni, ma TV ndi zokuzira mawu za m'matchalitchi ndi m'mizikiti. A Binali ankagula kwa iye mafyuzi ndi mawaya, ndipo ankamulemekeza chifukwa ankagwira zinthu modekha, osamenya ndi chikhatho monga amachitira ena.

Anaikulunga ampulifaya m'bulangete, anakwera nayo njinga yamoto mpaka pamsewu wa tala, kenako minibasi. Lenard anaitsegula, anayeza apa ndi apo ndi kamakina kake, n'kupukusa mutu.

"Madala, zapsa zingapo. Mathiransisita akuluakuluwa apita, ndi tina tating'ono tozungulira. Enieni a mtundu umenewu anasiya kupanga kalekale. Ndiitanitsa ofanana nawo ku Lilongwe. Muisiye."

"Ndiisiye?"

"Nanga mukhala pano mpaka abwere?"

A Binali anakhaladi pabenchi mpaka dzuwa litapendeka, maso ali pa manja a Lenard. Pochoka anabwerera kawiri. "Chimene sichinapse musachichotse," anatero. "Ngakhale kasikuluwu kamodzi. Zam'katimo ndimazidziwa zonse."

"Musadandaule madala, ipeza bwino."

Anaimba foni tsiku lililonse kufunsa, mpaka Lenard anayamba kuyankha mwachidule. Itatha, anapita kukaitenga. Lenard anailumikiza ku masipika ake apashedi, inaimba, ndipo m'phokoso la msika, mahutala a minibasi ndi ogulitsa usipa akuitanira malonda, a Binali anamva kuti yadzukadi. Anati Alhamdulillah, anamugwira chanza Lenard ndi manja awiri, n'kunyamuka.

Kunyumba analumikiza mawaya mosamala, anatseka mawindo, anasankha mbale imene ankaidziwa kuposa zonse. A Karima anaima pakhomo la kuchipinda akumwetulira. Singano inatera, nyimbo inayamba. A Binali anatsinzina, koma ulendo uno sanali kumvetsera ngati munthu wopuma. Anatchera makutu ngati wogula ng'ombe amene akufufuza chilema.

Besi inalipo. Ovomera nyimbo kumanja analipo, oyera bwino. Koma wa gitala kumanzere ankamveka ngati akuimbira kuseri kwa chitseko chotseka. Ndipo m'nyimbo imeneyo munali timaseche tina tosalala timene timalira pamwamba pa gitalayo. A Binali ankatidziwa ngati mayina a ana awo. Anatidikira pamalo pake, sitinabwere.

Anadzuka n'kuona kuti Lenard wabweza batani logawa mawu lija pakati. Analipotozera kumanzere. Mawu anakwera koma sanayere, anangokhala chiphokoso cholemera. Anabweza singano poyambira, kawiri, katatu. Kenako anavula malaya n'kuyamba kukoka masipika, ya kumanja kuiika kumanzere, ya kumanzere kumanja, thukuta lili kamukamu. Anakhalanso pansi. Vuto linatsalabe kumanzere.

"Ndiye kuti si sipika," anatero motsitsa. "Ndi m'katimo. Wandibera."

"Ndani?" anafunsa a Karima.

"Lenard. Wachotsa zenizeni za mbali ya kumanzere, wandiikira zachabechabe. Zenizenizo akagulitsa kwa amatchalitchi."

"Koma ine ndikumva bwinobwino, bambo a Layla. Mbali zonse."

"Inu mumamva chiyani? Wailesi ya mabatire ndi iyi kwa inu n'chimodzimodzi."

M'mawa mwake a Karima ataona amuna awo akukulunganso ampulifaya m'bulangete, nkhope ili gwa, osamwa ndi tiyi yemwe, anavala mpango wawo n'kunena kuti nawonso akupita ku boma kukagula sopo ndi mchere. Mchere unalipo m'nyumba. A Binali sanatsutse, mwina sanamve n'komwe.

Linali tsiku la msika waukulu, anthu ali pikitipikiti. Lenard anali ataweramira pa foni ya munthu, chowotcherera chili m'manja, pamene a Binali anatsitsa ampulifaya patebulo lake mwamphamvu mpaka timasikuluwu tinadumpha.

"Bweza zimene wachotsa."

Lenard anadzutsa mutu. "Mwaswera bwanji madala? Ndachotsa chiyani?"

"Usandifunse ngati sukudziwa. Mbali ya kumanzere yafa. Ndinakuuza kuti usagwire chimene sichinapse."

"Zopsazo ndinakupatsani m'pepala, munazitenga nokha. China sindinachotse."

"Wabodza iwe! Ndinakukhulupirira ngati mwana wanga, iwe n'kundibera masana dzuwa likuswa mtengo. Wakuba!"

Liwu limenelo pamsika silifuna kubwereza. Akabaza amene anali atatsamira njinga zawo anatembenuka onse pamodzi. Ogulitsa kaunjika anasiya milu yawo. Posakhalitsa kashedi kaja kanali katazunguliridwa, akumbuyo akufunsa akutsogolo kuti waba chiyani, akutsogolo akuyankha zimene sanaone. Bambo wina wovala jekete lachikopa anakuwa kuti nayenso foni yake inabwera kuchokera pomwepa ili ndi batire lina. Mayi wina anati okonza mafoni onse ndi amodzi. Wina anakankha tebulo, zida zinamwazika pansi, wina anapondapo.

"Atuluke panja! Atiuze bwino!"

Dzanja linalowa n'kumugwira Lenard pakolala. Anayesa kudziphatika pa mzati, malaya anang'ambika, chibakera chinamupeza pamlomo kuchokera kumbali. Anamukokera pabwalo. Chakumbuyo kwa gululo kunamveka mawu a munthu amene a Binali sanamuone nkhope, akufunsa ngati pali amene ali ndi petulo.

A Binali anangobwera kudzakalipa, kuti mwina Lenard achite manyazi n'kutulutsa zida zawo m'kabati. Izi sanaziganizire. Anaona magazi pa mano a Lenard, anaona maso ake akuwafunafuna m'gulumo. Anafuna kukweza manja kuti anthu aleke, koma mkwiyo unali usanathe, ndipo mumtima ankati, nanga si wabadi? Anangoima chilili.

Amene analowa pakati anali a Margret, mayi wonenepa wogulitsa chambo chouma, yemwenso anali wapampando wa komiti ya msika. Anadutsa m'gulumo akukankha anthu ndi zigongono, n'kuima kutsogolo kwa Lenard.

"Amene amugwirenso ayambe wagwira ine," anatero. "Pamsika pano sitipha munthu chifukwa cha wailesi. Mwini katundu ndi ndani?"

"Ndine," anatero a Binali.

"Mukuti chafa n'chiyani?"

"Mbali ya kumanzere."

"Chabwino. Lenard, pukuta pakamwapo, ulumikize chinthuchi tonse timve. Ngati waba, tikuperekeza ku polisi ndi manja athu. Enanu khalani chete."

Lenard anatola mawaya pansi. Anatulutsa masipika ake awiri, imodzi uku ina uku, analumikiza foni ku ampulifaya n'kuika nyimbo ya magitala. A Binali anaima pakati, kuyang'ana masipikawo. Gulu lija linakhala chete moti munthu unkamva injini ya minibasi kudepoti.

Nyimbo inayamba. A Margret anapita ku sipika ina, anaweramira, anapita ku inzake, anaweramiranso. Wa jekete lachikopa uja anachita chimodzimodzi.

"Zonse zikulira mofanana," anatero a Margret.

"Ayi!" a Binali analoza kumanzere kwawo. "Iyi! Simukumva kuti yatsekeka? Mulibe makutu kodi?"

Anthu anayang'anana. Ena anayamba kung'ung'udza kuti mwina madalawa akudziwa zimene akunena, poti chinthucho n'chawo. Dzanja lina linayambanso kusendera kwa Lenard.

A Karima anali ataima m'mphepete nthawi yonseyi, atagwira mpango pakamwa. Sanali munthu wolankhula pagulu, ndipo chiyambire ukwati wawo anali asanawatsutsepo amuna awo pamaso pa anthu. Anayang'ana magazi pa malaya a Lenard, kenako anayenda n'kukaima kumanzere kwa a Binali, chakumbuyo pang'ono. Anakodola Lenard kuti atsitse nyimbo.

"Bambo a Layla," anaitana ndi mawu a masiku onse.

A Binali anali akuyang'anabe sipika ija.

"Bambo a Layla."

Onse amene anali pafupi anamva. A Binali sanatembenuke. A Karima anazungulira kumbuyo kwawo n'kukaima kumanja, mtunda womwewo.

"Bambo a Layla."

"N'chiyani?" anatembenuka mokalipa. "Simukuona kuti ndili pa nkhani?"

"Ndakuitanani kawiri mbali inayo," anatero a Karima, misozi ili m'maso. "Pepani. Tembenukani muyang'ane kumsewu, masipikawa akhale kumbuyo kwanu. Lenard, kwezanso."

A Binali anayang'ana akazi awo, anayang'ana anthu, n'kuona kuti nkhope zawo zasintha. Anatembenuka pang'onopang'ono. Nyimbo inakwera. Sipika imene ankaiti yafa ija tsopano inali kumbali ya khutu lawo la kumanja, ndipo inkalira moyera, nsambo iliyonse payokha, timaseche tikuwazika pamwamba. Inzake ija, imene mphindi yapitayo inali yabwinobwino, ndi imene inalowa kuseri kwa chitseko.

A Binali anakweza dzanja n'kutseka khutu la kumanja ndi chala. Msika wonse unapita kutali, ngati amira m'madzi. Anachotsa chalacho, msika unabwerera.

Wina kumbuyo anaseka, koma a Margret atamuyang'ana anasiya. Gulu linayamba kusungunuka. Wa jekete lachikopa anazemba osatsanzika, akabaza anabwerera ku njinga zawo akukambirana ngati angochoka koonera mpira. Panatsala Lenard atagwada akutola zida zake m'fumbi. Kamakina kake koyezera kanali kataphwanyika galasi, ndipo foni imene ankakonza ija sinaonekenso.

"Lenard, mwana wanga," anayamba a Binali.

"Tengani katundu wanu madala," anatero Lenard osadzutsa mutu. "Tengani muzipita."

M'minibasi a Karima anakhala kumanja kwawo.

"Munadziwa liti?" anafunsa a Binali.

"Chaka chimene Layla anakwatiwa. Ndikakuitanani kuchokera kukhitchini simunkayankha. Ndikayenda nanu panjira ndinayamba kumakhala mbali ino."

"Osandiuza bwanji?"

"Ndinayesapo. Munati ndimalankhulira m'mimba. Ndiye ndinkaopa, poti makutuwo ndi amene mumanyadira."

A Binali anayang'ana kunja. Ampulifaya inali pamiyendo pawo, m'bulangete lake, yopanda vuto lililonse.

Sabata yotsatira anapita kuchipatala cha pa boma. Dokotala, mayi wachitsikana wa magalasi, anawaunika m'makutu n'kunena kuti mulibe chotseka. Anagunda kachitsulo ka mphanda, kukaika pafupi ndi khutu ili, kenako ilo, ndi pachipumi. Anafunsa ntchito imene amagwira, n'kufunsanso kuti injini imakhala mbali iti akaimirira. A Binali anaganiza pang'ono, ngakhale yankho ankalidziwa. Zaka zonsezo injini inali kumanzere kwawo, pafupi moti ankamva kutentha kwake patsaya.

"Phokoso lapha timitsempha ta m'kati," anatero dokotalayo. "Mawu osalala ndi amene amayamba kutayika. Zimapita pang'onopang'ono, munthu osazindikira, makamaka pa zinthu zimene anazizolowera, chifukwa mutu umangokwaniritsa wokha zimene khutu lasiya kumva. Sindikunamizani bambo, la kumanzereli silibwerera. La kumanjali nalonso layamba. Mukapitiriza kuima pa injiniyo osatseka makutu, litsatira."

"Nanga nyimbo?"

"Mverani, koma motsitsa. Ndipo osati tsiku lonse."

A Binali anatuluka n'kukakhala pa khonde la chipatala. Chimene chinkawazunguza mutu chinali chakuti timaseche tija mwina anali atasiya kutimva kalekale, ankangotikumbukira, iwo n'kumati akumva. Akanapanda kutchera khutu kufuna kumugwira Lenard, bwenzi akutimvabe mpaka lero.

A Omari atamva anawachotsa pa makina n'kuwaika panja pasikelo, kuyeza matumba a mpunga ndi kulandira anthu. Pa injini panalowa munthu wina. A Binali sizinawasangalatse. Ankamva ndi khutu limodzi lomwelo kuti lamba wakhwepa kapena kuti mafuta achepa, n'kumakuwa ali pakhomo, koma m'kati sankalowamo popanda kutseka makutu ndi thonje.

Kwa Lenard anapitako Lachisanu lina atachoka ku swala ya Juma, atanyamula thumba la mpunga wa kilombero wopuntha okha ndi kamakina katsopano koyezera. Anayamba apita kwa a Margret kuwapempha kuti aitane akabaza ndi ogulitsa a pafupi, amene analipo tsiku lija. Anabwera ochepa, ena mwamanyazi. A Binali anavula chisoti, anaima pamalo pomwe anakuwira paja, n'kunena mokweza kuti Lenard sanabe kanthu, wolakwa ndi iwo, ndipo akupempha chikhululuko kwa iye ndi kwa Mulungu.

Lenard anamvetsera atapinda manja. Chilonda cha pamlomo chinali chitauma.

"Ndamva madala," anatero. "Mpungawo ndilandira, ana adya. Koma mwini foni ija ananditengera ku polisi, ndinagona m'chitolokosi. Amatchalitchi awiri anabwera kudzatenga zokuzira mawu zawo ndisanazikonze. Amene anamva kuti ndine wakuba ndi ambiri kuposa amene abwera lerowa. Mkazi wanga mpaka pano akundiuza kuti tisamukire kwawo ku Chipoka." Anayang'ana thumba la mpunga lija. "Ndakukhululukirani. Koma ampulifaya yanuyo ikadzavutanso, mudzapite nayo kwina. Ine sindidzaigwiranso."

"Ndamva," anatero a Binali.

Atatembenuka kuti azipita, Lenard anawaitana, ndipo a Margret anachita kuwagwira mkono kuti adziwe kuti akuitanidwa.

"Kutsogolo kwake kuli kabatani kolembedwa kuti mono," anatero Lenard. "Mukakadina, oimba onse amatulukira m'masipika onse awiri mofanana. Wa gitala wanu uja mudzamumva ndi khutu labwinolo."

A Binali kabataniko ankakadziwa. Ankakanyoza kuyambira ku Durban, poti kamasonkhanitsa oimba onse pamalo amodzi ngati anthu othithikana pakhomo la minibasi. Anathokoza basi, n'kunyamuka. Panapita miyezi asanakadine, ndipo ngakhale lero amakadina pa mbale zina zokha. Zina anazibweza m'katoni, akuti sangapirire kuzimva zitaphwanyidwa choncho, bola azizikumbukira mmene zinalili.

Lenard sanasamuke. Makasitomala ena anabwerera, ena ayi. A Binali akapita ku boma amadutsa pakashedi paja n'kupereka moni. Sakhala pabenchi, ndipo Lenard sawauza kuti akhale. Amafunsana za ana ndi za mvula, Lenard atatuluka kuseri kwa tebulo n'kudzaima mbali ya kumanja kwawo, kenako aliyense amapitiriza zake.